Mwana wanga, phunzira kuwerenga mapazi a madzi

Mwana wanga, khala pansi umve. Zimene aphunzitsi akukuuza za madzi ndi nthaka si za mayeso okha ayi. Zili pakhomo pathu pompano pa Nancholi, ndipo wozinyoza amalipira ndi nyumba, wina ndi moyo.

Choyamba, dziwa kuti madzi ndiwo anasema dziko lino. Mapiri a Soche, Ndirande ndi Michiru ndi miyala yolimba imene inatsala ili njo, mvula itaperesa miyala yofewa yowazungulira kwa zaka zosawerengeka. Chigwa cha Mudi sichinakumbidwe ndi khasu. Ntchito za madzi ndi zitatu: amakumba, amanyamula, amatula. Pamtsetse amathamanga nakumba, pachidikha amafooka natula katundu wawo. Ukagwira zimenezi, malo alionse adzakuuza okha mbiri yawo.

Chachiwiri, kanjira ka madzi usakapeputse. Mvula ikagwa pa nthaka yopanda udzu imamasula dothi, madzi oyenda n'kulitenga. Chaka chino ndi kangalande koti mwana n'kudumpha, pakapita mvula zingapo ndi chigwembe chomeza msewu. Kakwirire kakadali kakang'ono, tchinga ndi miyala, dzala vetiva. Madzi a padenga lako uwakonzere njira, usawaponyere pa maziko a mnzako wakumunsi.

Chachitatu, usadzamange m'khwawa chifukwa waliona louma, ngakhale puloti itchipe chotani. Akulu anati madzi saiwala khwawa. Ukaona miyala ikuluikulu yosalala itandandalika m'chigwa, dzifunse chimene chinaifikitsa pamenepo. Chinaibweretsacho chidzabweranso. Mu Januwale 2015 madzi anagumula nyumba ku Chilobwe. Anthu anamanganso m'njira zomwezo za madzi, ndipo mu Malichi 2023 namondwe wa Freddy anatsitsa matope ndi miyala kuchokera m'phiri la Soche, n'kukwirira mabanja ku Chilobwe ndi ku Manja. Maliro ake tinalira tonse.

Chachinayi, phiri usalivule. Phiri likagumuka makolo athu ankati wadutsa Napolo, ndipo anaterodi pamene phiri la Michesi linagumukira anthu a ku Phalombe mu Malichi 1991. Mantha awo uwalemekeze, koma udziwenso chimene chimachitika. Dothi la paphiri ndi lochepa, lagona pa thanthwe. Mvula ikagwa masiku angapo osakata, dothilo limakhuta madzi, limalemera, kenako limatsetsereka pathanthwepo litanyamula zonse. Mizu ya mitengo imalimanga, masamba ogwa amachedwetsa madzi kuti alowe pansi mwaulemu. Mvula yoopsa ikhoza kugumula ngakhale phiri la nkhalango, koma phiri lometedwa ndi nkhwangwa za makala siligwira n'komwe.

Chachisanu, lemekeza gombe la mtsinje. Pamene mtsinje wakhota, madzi amathamanga kunja kwa pokhotapo n'kumadya gombe, mkati mwake n'kumasiya mchenga. Ndiye wokumba mchenga pansi pa gombe, kapena wolima mpaka kumadzi, akuthandiza mtsinje kudya munda wake womwe. Siya nsungwi ndi bango zikhale. Zinyalala ndi mapepala a pulasitiki usataye m'ngalande, chifukwa madzi ukawatsekera njira amatsegula yawo kudzera m'nyumba ya munthu.

Chachisanu ndi chimodzi, kumbuka kuti kumunsi kuli anthu. Dothi lochoka kuno limatsikira ku Shire. Likafika ku chigwa cha Chikwawa ndi Nsanje madzi amafatsa n'kulitula. Lochepa limanenepetsa madimba, koma lochuluka limakwirira mitsinje, ndiye mvula ikabwera madzi amasowa poyenda n'kusefukira m'midzi. Chonde chimene ukutaya iwe chimakasanduka tsoka la mnzako.

Pomaliza, tchera khutu ndi maso nthawi ya dzinja. Ukaona ming'alu yatsopano pansi kapena pa khoma, mitengo ikupendekeka, madzi akutumphuka pamene sipanakhalepo kasupe, kapena ukamva mkokomo kuphiri, usayambe kumanga katundu. Dzutsa ana ndi okalamba, thawirani cham'mbali kumalo okwera, osati kutsika ndi khwawa. Chenjezo la a zanyengo pa wailesi ulimvere ngakhale anzako akuseke. Malata udzagula ena, mwana wanga, koma iwe ndilibe wina wolowa m'malo mwako.