MTIMA WA AGOGO NDI LAMULO LACHINAI

Pa 26 July Eklezia akumbukira Yoakimu ndi Anna oyera, makolo a Maria Virgo ndi agogo a Ambuye Yezu. Ndipo m'chaka cha 2021 Papa Francis adapatula Lamulungu lachinai la mwezi womwewo kuti likhale tsiku la agogo ndi nkhalamba. Pa masiku otere akristu akumbutsidwa lamulo lachinai la Mulungu, lolemekeza atate ndi amai. Koma ulemu umene Mulungu afuna suthera pa kugwada ndi kuomba m'manja ai. Uyenera kufika ndi pa mphasa pamene nkhalamba yagona, dzanja lili pachifuwa, ikudandaula kuti mtima ukupiripita ngati mbalame yogwidwa pa ulimbo.

Mlengi adaumba mtima wa munthu ndi zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi. Za pamwamba zilandira magazi, za pansi ziwatumiza ku mapapo ndi m'thupi monse. Zigwira ntchito mosinthana, monga amai awiri osinja pa mtondo umodzi: munsi wina ukwera pamene wina utsika. Munthu akakhala phee, mtima wache ugunda ka 60 kufikira ka 100 pa mphindi imodzi, usana ndi usiku, kwa zaka zonse za moyo wache.

Tsono pa ukalamba zipinda za pamwamba zitha kuleka kufinya bwino ndi kuyamba kungonjenjemera. Pamenepo za pansi zitaya dongosolo: zigunda msanga, ziima pang'ono, zigundanso mothamanga. Madotolo atchula nthenda imeneyi atrial fibrillation. Wodwala amva phuma pokwera kachitunda kamene kale ankakwera atasenza mtolo; atopa msanga ku munda, amva chizungulire, mwina miyendo itupa. Ena samva kanthu konse.

Choopsa chache nachi. Monga madzi ozungulira m'mphepete mwa mtsinje asonkhanitsa zinyalala, momwemonso magazi ochedwa m'chipinda chonjenjemeracho aundana. Magazi oundanawo akachoka mu mtima atha kukatseka mtsempha wa ku ubongo. Ndipo agogo amene dzulo ankapalira agwa pabwalo: kamwa yapotoka, dzanja lalefuka, lilime lalemera. Munthu wa nthenda imeneyi ali pa ngozi ya kufa ziwalo ngati kasanu kuposa mnzache wa mtima wogunda bwino.

Apa ndi pamene tchimo lilowa m'mudzi. Popeza munthu wagwa mwadzidzidzi, abale anong'onezana kuti wamenyedwa ndi nyundo ya afiti. Athamangira kukaombeza, ndipo ula sukhalira kugwera nkhalamba ina, mai wamasiye wa m'kanyumba kodontha, wopanda mwana womtchinjiriza. Chotero nthenda ya nkhalamba imodzi isanduka tsoka la nkhalamba ziwiri: wina agona wopanda mankhwala, wina apirikitsidwa pamudzi, mwina aphedwa kumene. Mkristu wochita zotere alakwira lamulo loyamba poombeza, lachisanu ndi chitatu ponamizira mnzache, lachisanu pomvulaza. Ngakhale lamulo la boma la chaka cha 1911 liletsa kunenera munthu ufiti. M'mutu 9 wa Mthenga wa Yohane, ophunzira adafuna kudziwa amene adachimwa kuti munthu abadwe wakhungu. Ambuye Yezu sadaloze chala munthu aliyense; adangomchiritsa wakhunguyo. Wotsata Yezu asafunefune wolodza; afunefune thandizo.

Ena aganiza kuti nthenda za mtima nza anthu a m'tauni okha. M'maganizo amenewa muli choona pang'ono. Ku Bolivia, m'nkhalango za ku South America, kuli mtundu wa anthu otchedwa Tsimane, amene alima, asodza ndi kusaka, nayenda pansi mitunda yaitali kufikira atakalamba. M'chaka cha 2021 madotolo adalengeza kuti mwa anthu a mtunduwo oposa 1,300 a zaka 40 ndi kupitirira, adapeza mmodzi yekha wa nthenda imeneyi. Ichi chisonyeza kuti si ukalamba wokha umene usokoneza mtima, ndi kuti ntchito ya manja ndi chakudya cha m'munda ndi mphatso zosunga thupi.

Komabe kukhala kumudzi sikutchinjiriza munthu pa ikokha. Kafukufuku wa m'Malawi wa chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi mmodzi mwa akulu atatu a zaka 25 mpaka 64 adali ndi nthenda ya kuthamanga kwa magazi, m'midzi ndi m'tauni momwe, ndipo ambiri sadali kudziwa. Nthenda imeneyo ndiyo itopetsa mtima pang'onopang'ono. Mchere wochuluka m'ndiwo, fodya ndi kachasu ziwonjeza katundu. Enanso zitseko za mtima wao zidaonongeka kale ndi zilonda za pakhosi za paubwana zimene sizidachizidwe.

Nanga mwana kapena mdzukulu achite chiani? Mulungu adampatsa zala. Aike zala ziwiri pa mkono wa agogo, m'munsi mwa chala chachikulu, ndi kumvetsera mtsempha kwa mphindi yathunthu. Ngati ugunda mosalongosoka, wopanda dongosolo lililonse, awaperekeze ku chipatala, ngakhale iwo akane kuti ndi ukalamba chabe. Makolo adati mbewa ya manyazi idafera ku una. Ndipo nkhalamba zambiri zibisa ululu poopa kuvutitsa ana. Ku chipatala ayesa kuthamanga kwa magazi, ndipo kumene kuli makina a ECG ajambula kagundidwe ka mtima pa pepala. Alipo mankhwala ochepetsa liwiro la mtima, alipo ena oletsa magazi kuundana; amenewa amwedwa monga adotolo alamulira, osalekeza poona kuti thupi lapepuka. Ndipo kamwa ikapotoka kapena dzanja likalefuka, asadikire kuti kuche: ulendo wa ku chipatala ndi wa nthawi yomweyo. Buku la Mphunzitsi, mwana wa Sira, m'mutu 38, liphunzitsa kuti luso la wochiritsa ndi mankhwala a m'dziko zichokera kwa Mulungu. Chifukwa chache kupita ku chipatala si kuchepa kwa chikhulupiriro.

Mzimu nawonso usaiwalike. Mabanja ambiri achedwa kuitana wansembe, poyesa kuti mafuta oyera afulumiza imfa. Koma Msonkhano Wachiwiri wa Vatican udaphunzitsa m'chaka cha 1963 kuti Kudzoza kwa Odwala si sakramenti la okomoka okha. Nthawi yache yafika kale pamene munthu ayamba kukhala pa ngozi ya imfa chifukwa cha nthenda kapena ukalamba. Yakobe woyera, m'mutu 5 wa kalata yache, alangiza wodwala kuitana akulu a Eklezia kuti ampempherere ndi kumdzoza. Popeza nthenda imeneyi itha kulanda munthu mau pa kamphindi, nchifundo chachikulu kuti agogo alape ndi kulandira Ukaristia lilime likali lomasuka.

Akristu a m'miphakati, poyendera odwala, akumbukire ziwiri izi pamodzi: njira ya ku chipatala ndi njira ya kwa Bambo Mfumu. Akamva kuti nkhalamba ina yayamba kutchulidwa mfiti, akakhale pakhomo pache asadafike ogenda miyala. Pakuti Woweruza wa tsiku lomaliza adzafunsa za odwala amene adachezeredwa ndi amene adasiyidwa.

Yoakimu ndi Anna oyera apempherere nkhalamba zonse, kuti mitima yao yotopa ipeze manja oigwira pansi pano, ndi mpumulo mu Mtima Woyera wa Yezu.