Wotumikira Amasiye Ayambe Wadziyesa Yekha

Kuwerenga: Machitidwe a Atumwi 6:1-7

 Ena mwa inu mwasankhidwa m'makomiti a m'midzi othandiza a Social Welfare kupeza mabanja ovutika. Ena mumayendera odwala ndi ana amasiye m'dzina la mpingo, ndipo ana athu ena ali kukoleji kuphunzira ntchito yomweyi. Ntchitoyi si yachilendo mu mpingo wathu: ku Magwero anasamala akhungu, kuno ku Nsadzu anasamala akhate. Koma musananyamule kope ndi cholembera, tamvani za ku Yerusalemu.

Mpingo woyamba unali wopatsa, komabe kunabuka dandaulo. Amasiye a Ayuda olankhula Chigriki ankaiwalika pogawa chakudya cha tsiku ndi tsiku. Chakudya chinalipo ndithu, koma maso a ogawa ankafulumira kuona anthu a chilankhulo chawo. Atumwi anauza mpingo usankhe amuna 7 amene anthu ankawachitira umboni wabwino, anzeru ndi otsogozedwa ndi Mzimu. Taonani mayina awo: Stefano, Filipo, Prokoro, Nikanora ndi anzawo. Onsewo ndi mayina a Chigriki. Zikuoneka kuti mpingo unafuna anthu oyera m'manja, odziwanso chinenero ndi makhalidwe a odandaulawo.

Mayi mnzanga, yambani ndi manja anu. Thandizo la ndalama la boma, lomwe linayambira ku Kalomo mu 2003, linafikanso kwathu, ndipo mndandanda wa mayina umayesa mtima kuposa njala. Apongozi anu adzakunong'onezani. Amayi a unifolomu anzanu adzati, si ndife amodzi? Nanga gogo uja wolera zidzukulu yekha, amene ana ake ndi a kudambwe ndipo sanapondepo m'tchalitchi, mudzamulemba? Mpingo uli ndi chiphunzitso chake pa za Nyau, koma njala ya gogoyo sidikira kalasi ya ubatizo.

Kenaka lilime. Wodwala akakuululirani kuti akumwa ma ARV, nkhaniyo isakafike pamjigo kapena kuchigayo. Ndipo ife amayi tili ndi kanjira kena kochenjera, kouluzira zinsinsi m'mapemphero a Lachinayi, kutchula dzina ndi matenda omwe, amvekere tikumupempherera. Umenewo ndi miseche yovala duku.

Tsopano mwambo. Mukafika pakhomo, odirani, khalani pamphasa, malonje ayambe atha. Wofunsa mafunso ataimirira amabwerako ndi mayankho abodza. Tinene kuti mwamva za mtsikana wa zaka 15 amene akufuna kumukwatitsa. Mukakalipira bambo ake mwataya nthawi, pakuti kwa ife Achewa bamboyo nthawi zambiri ndi mkamwini chabe. Mwini mbumba ndi atsibweni a mwanayo. Pitani kwa iwo mwaulemu, mugwade monga mudaphunzitsidwira, mumve chimene chawakankha, kaya ndi mimba, kaya ndi ngongole ya feteleza. Mukatero lankhulani mosabisa. Kuyambira mu 2023 lamulo la Zambia silivomereza ukwati wa mwana wosakwana zaka 18, ngakhale ukhale wa mwambo. Kalonga Gawa Undi, amene mafumu athu amakalamba ku Mkaika, nawonso adaletsa kukwatitsa ana. Ngati pali mimba, akumbutseni kuti kuyambira 1997 mtsikana amaloledwa kubwerera kusukulu akachira. Atsibweni akakana, nkhani ipite kwa anyakwawa, ndipo ikakanika pamenepo, kwa Mfumu Zingalume ndi kwa a Social Welfare ku boma ku Chadiza.

Pali chinsinsi chimodzi chimene simuyenera kusunga. Mwana akagwiriridwa, abale amakonda kuti tikambirane pachiweniweni, wolakwa alipe mbuzi. Apo ulemu wa mwambo wathera. Musalandire nawo nyama ya mbuziyo, ndipo musalonjeze kuti mukhala chete. Mperekezeni mwanayo kuchipatala tsiku lomwelo, chifukwa mankhwala oteteza ku HIV amagwira ntchito akayambidwa pasanathe maola 72, kenaka mukanene kupolisi, ku Victim Support Unit. Musapite nokha, tenganani ndi mayi mnzanu mmodzi wosunga pakamwa.