Wopita Kunja Atenge Chiyani, Asiye Chiyani?

Amayi anzathu, mu Novembala 2023 achinyamata 221 ananyamuka pa bwalo la ndege la Kamuzu kukagwira ntchito m'minda ya ku Israel. Ena akupita ku Oman, ku Ireland ndi kwina. Mwana wathu wa ku Nsaru kapena ku Kabudula akamatsanzika, chikwama chake kawirikawiri chimaloledwa makilogalamu 23 okha.

Zotenga sizivuta kusankha. Mtondo ndi munsi sizikwera ndege. Mthiko, chipande ndi zitenje ziwiri n'zopepuka, ndipo zidzamuthandiza kuchilendoko.

Funso lolemera lili pa zotsala. Ambiri amafuna kugulitsa zonse kuti apeze ndalama ya ulendo: mbale, mapoto, makina osokera. Sitingafulumire kuwadzudzula, pakuti tikiti ndi yodula, ndipo ngongole ya katapila imasautsa otsala. Koma poto wamkulu uja, ngakhale anagula yekha, ndi amene mudzi umaphikiramo pa maliro ndi pa chinkhoswe. Katundu amene ambiri amadalira sakhalanso wa munthu mmodzi kotheratu.

Tsono tiwalangize ana athu motere: ugulitse zimene umagwiritsa ntchito wekha; zimene ena amadalira uzisungitse kwa mbale, pamaso pa mboni, kuti pasadzabuke mkangano. Azibambo a TEBA ankabwera kuchokera ku migodi ndi njinga ndi mabulangete chifukwa ankadziwa kuti kwawo kudakalipo. Wogulitsa zonse amachita manyazi kubwerera zinthu zikavuta. Wosiya poto pamudzi amapeza anthu omulandira.