Kamba Adagwira Kalulu: Mau kwa Makolo ndi Aphunzitsi a ku Chinakanaka

Akristu okondedwa a ku Chinakanaka, ndi inu aphunzitsi a katekisimu, alipo ena pakati pathu amene afunsa ngati nkoyenera kuti mkristu aziimbira ana ake nthano za nyama. Iwo ati Kalulu ngwabodza ndiponso ngwakuba, ndipo mwana womva zochita zake adzatengera. Funso limeneli nlolemera, pakuti likhudza mitima ya ana amene Mulungu adatisungiza.

Poyamba tione Malembo Oyera. Pamene mfumu Davide idachimwa potenga mkazi wa Uriya, mneneri Natani sadayambe ndi kuikalipira ai. Adaisimbira za mmphawi amene adalandidwa kankhosa kake kamodzi kokha, ndipo mfumuyo idadziweruza yokha. M'buku la Miyambo, mutu 30, tipatsidwa aphunzitsi anai aang'ono: nyerere, mbira, dzombe ndi buluzi. Mbira zomwezo mumaziona m'matanthwe a phiri la Mulanje. Ambuye Yezu nawonso adadziyerekeza ndi nkhuku yofungatira anapiye ake. Tsono ngati Mulungu sadanyoze kuphunzitsa anthu ndi nyama, ife tinyozerenji? Nchifukwa chake Bambo Matthew Schoffeleers, wansembe wa chipani cha Montfort, adathandizana ndi Adrian Roscoe kusonkhanitsa nthano za dziko lino m'buku limene lidatuluka m'chaka cha 1985.

Kumbukirani nthano ya chitsime. Kudagwa chilala, nyama zonse zidapangana zokumba chitsime, koma Kalulu adakana. Madzi atatuluka, iye ankabwera mobisa, nanyengerera alonda ndi uchi, nawamanga ndi chingwe, kenaka nkutunga madzi. Fisi adamangidwa, Mkango udamangidwa, ngakhale Njovu yomwe. Pomwepo Kamba adadzipereka kukalonda, ndipo zinzake zidamseka. Iye adamata ulimbo pachigoba chake, nakhala chete m'madzi ngati mwala. Kalulu ataponda, adakanirira pomwepo.

M'nthano imeneyi muli maphunziro atatu. Loyamba ndi chibwenzi. Amene adakumba pamodzi adamwa pamodzi mosaopa, koma Kalulu wodzikonda ankamwa mozemba ngati mbala. Makolo adanena zoona kuti ali awiri ndi anthu, kali kokha nkanyama. Lachiwiri ndi kulimba mtima. Kamba adadziwa kuti amphamvu onse alephera, adamva ndi kuseka kwao komwe, koma adapitabe chifukwa mudzi udali pamavuto. Lachitatu ndi kudzikhulupirira, kumene kusiyana ndi kunyada. Njovu idadalira msinkhu wake, nigwa. Kamba sadasirire chitamba cha Njovu kapena liwiro la Kalulu. Adagwiritsa ntchito chigoba chimene Mlengi adampatsa. Mwana wachibwibwi, mwana wamasiye, mwana wobwereza kalasi, akamva zimenezi adzati mumtima mwake, “Nanenso ndiri ndi chigoba changa.”

Nanga za bodza la Kalulu? Nzoonadi kuti ena poimba nthanoyi amampulumutsa kumapeto, ana naomba m'manja. Choopsa chiri pamenepo, ndipo mankhwala ake ndi kufunsa. Nthano ikatha, afunseni ana: “Kodi mungakonde Kalulu akhale bwenzi lanu? Mmawa mwake adakamwa kuti?” Adzaona okha kuti wochenjeretsa amatsala wopanda mnzake.

Tsono musalekeze pa Kamba. Atsogolereni anawo kwa Kizito Woyera, wamng'ono mwa Amaritiri onse a ku Uganda, mnyamata wa zaka ngati 14. Karolo Lwanga ndiye adambatiza namlimbitsa mtima, ndipo onse awiri adaphedwa pa moto ku Namugongo pa 3 June 1886. Papa Paulo VI adawalemba m'gulu la oyera m'chaka cha 1964. Chimene nthano ichionetsa ngati chithunzithunzi, chaulere cha Mulungu chidachikwaniritsa mwa mwana weniweni.

Ana athu akusowa kulimba mtima kotere. M'mwezi wa March 2023 namondwe Freddy adagwetsa madzi, matope ndi miyala kuchokera m'mapiri, napha anthu mazanamazana m'maboma a Mulanje, Phalombe, Chiradzulu ndi Blantyre. Mwana amene adaona zotere sachira ndi mau akuti “usaope” okha. Koma akakhala pamiyendo ya agogo ake, namva za kanyama kakang'ono kamene kadapirira, mantha amayamba kutha pang'onopang'ono. Foni ndi kanema wa pamsika zingathe kumsangalatsa, koma sizimdziwa dzina, ndipo sizimfunsa chimene chamuwawa.

Nchifukwa chake, makolo, mukatha kudya nsima yamadzulo imbani nthano imodzi, kenaka mutsirize ndi pemphero. Inu aphunzitsi, itanani agogo a m'limana mwanu kuti adzaimbire ana a Tilitonse, inu nkulumikiza nthanoyo ndi phunziro la tsikulo. Mulole mwana wamanyazi aimbe yake, ndipo womseka mumdzudzule. Woimba akati “Padangokhala,” ana amavomera kuti “Tili tonse.” Mau amenewo akhale lonjezo lathu kwa iwo, kuti palibe mwana wa Eklezia amene adzasiyidwa yekha. Mmera mpoyamba.

Kizito Woyera, mupempherere ana athu. Amen.