Kodi Kubadwa ndi Cingelezi ndi Satifiketi?

Mzungu wayenda zaka zambiri ndi cola kumsana, tsopano wasankha kukhazikika m'Kabwe. Ndalama zayamba kucepa, ndiye akufuna kuphunzitsa Cingelezi, popeza anayamwa comweco. Kodi n'cilungamo?

Cingelezi n'cofunika, palibe wotsutsa. Mwana wa ku Makululu akacilephera pa Giledi 12, citseko ca koleji cimamutsekekera. Koma kulankhula si kuphunzitsa. M'tauni momwe muno, Kwame Nkrumah University imatulutsa aphunzitsi caka ndi caka. Boma litalemba aphunzitsi oposa 30,000 mu 2022, ambiri anatsalabe, masatifiketi ali m'sutukesi. Sukulu yapulaiveti ikawalumpha n'kusankha mlendo cifukwa ca khungu ndi kamvekedwe ka mau, ana amatolapo phunziro loipa, lakuti nzeru zimacokera kunja.

Kabwe imadziwa za obwera kudzadya n'kupita. Mgodi unatsekedwa mu 1994, koma mtovu ukali m'dothi la ku Kasanda momwe ana amasewera.

Sitikuti mlendoyo apitikitsidwe. Akulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo mwina ali nako. Koma ayambe waphunzira uphunzitsi, alembetse ku Teaching Council of Zambia monga anzake onse, avutike ndi Cibemba ndi Cilenje kuti alawe manyazi a mwana wophonya liu pagulu. Wokhazikika salinso mame okamuka dzuwa likatuluka. Ndi mnansi, ndipo mnansi sadyera pa mbale ya mwini nyumba asanafunse ngati wakhuta.