Mbalame zomwera chigoli chimodzi zimadziwana nthenga

Mwambi uwu umamveka kawirikawiri pabwalo la milandu. Mnyamata akakanitsitsa kuti sadziwa kumene mnzake wa ponda apa nane ndipondepo wabisa mbuzi, nyakwawa imangopukusa mutu n'kunena kuti mbalame zomwera chigoli chimodzi zimadziwana nthenga. Tanthauzo lake n'lakuti anthu okhalira limodzi, odyera mbale imodzi, sangabisirane khalidwe. Ambiri amautchula podzudzula magulu oipa, koma ine ndimaona kuti fundo yake yaikulu ndi ya kumene nzeru imachokera. Chinthu umachidziwa chifukwa chokumana nacho tsiku ndi tsiku, pamalo amodzimodzi, mpaka maso atazolowera.

Akuluakulu sanangopeka. M'chilimwe madzi akasowa, mbalame zamitundumitundu zimasonkhana pa kadziwe kamodzi, ndipo mlenje wobisala pafupi amaona zimene wodutsa panjira sangazione. Ndi mmenenso anthu okhala m'mphepete mwa mapiri amadziwira mbalame zakwawo.

Titenge khwangwala. Wochokera ku Limbe akafika pamwamba pa phiri la Mulanje amangoti waona khwangwala, basi. Mnyamata wonyamula katundu wa alendo kuchokera ku Likhubula angamuseke. Khwangwala wam'tauni ali ndi chifuwa choyera ngati wavala epuloni, pamene wam'phiri ndi wakuda chifuwa chonse, kuyera kuli kumbuyo kwa khosi kokha. Mlomo wake ndi wochindikala, wokhota, woyererako kunsonga, ndipo mchira ndi waufupi moti akamauluka amaoneka wamapiko okhaokha. Amakonda kuzungulira misasa ya ku Chambe ndi ku Lichenya, ndipo ukasiya buledi pamwala usamufunsenso.

Pamatanthwe omwewo pali mbalame yakuda yonyezimira imene m'mabuku amaitcha red-winged starling. Itatera siionetsa chachilendo, koma ikangotambasula mapiko pamatuluka nthenga zofiirira ngati njerwa yootcha. Yaimuna ndi yakuda mutu, yaikazi ndi yotuwa mutu. Izi sungaziphunzire pothamangira nsonga ya Sapitwa, pamamita 3,002. Zimafuna kukhala pansi.

Komabe mwambiwu uli ndi polekezera. Ukalowa m'nkhalango zowirira za ku Zomba kapena m'zigwa za Mulanje, nthenga sizionekanso. Masamba atseka ndipo nkhungu yaphimba. Kumeneko ngakhale mbalame zenizenizo zimadziwana ndi mawu. Livingstone's turaco, yobiriwira ndi chitsumba chachitali pamutu, umayamba waimva ikukhosomola mwamphamvu mobwerezabwereza m'nsonga za mitengo, kenaka, ngati uli ndi mwayi, umaona kufiira kwa mapiko ake ikamadumphira mtengo wina. Atimba ndiye amaposa. Mitundu yawo ndi yambiri, onse ndi aang'ono, otuwa, ofanana mpaka akatswiri kusokonezeka, koma mtundu uliwonse uli ndi kaimbidwe kake. Pa udzu wa ku Nyika khutu limathandiza kuposa galasi loonera patali.

Khutu nalo limanamizidwa. Nthengu, yakuda bii ndi mchira wa mphanda, imatengera kulira kwa mbalame zina, ngakhale kulira kochenjeza za adani, kuti zinzake zithawe n'kusiya chakudya. Mlendo amapusitsidwa nayo. Wapamalo amayang'ana kaye panthambi youma pamene imakonda kutera, chifukwa amaidziwa khalidwe, osati mawu okha. Apa mpamene mwambiwu ukulozadi: nthenga zimene akuluakulu ankanena ndi makhalidwe onse, kateredwe, kadyedwe, nyengo yobwera. Namzeze wabuluu wa ku Nyika, mwachitsanzo, amaswa kuno nthawi ya dzinja n'kupita kumadera a nyanja ya Victoria mvula ikatha. Womusaka mu Julayi watopa pachabe.

Dziko la Malawi lili ndi mitundu ya mbalame pafupifupi 650, ndipo buku lofotokoza za mbalamezi la Françoise Dowsett-Lemaire ndi Robert Dowsett la 2006 linatheka chifukwa awiriwa anakhala zaka m'nkhalangozi akumvetsera. Ina mwa mitunduyi ndi yosowa zedi. Yellow-throated apalis, kambalame kachikasu pakhosi kokhala ndi mzere wakuda pachifuwa, kamapezeka pa Mulanje, Zomba ndi Malosa basi, kwina kulikonse padziko kulibe. Thyolo alethe inatenga dzina la phiri la Thyolo, koma nkhalango ya paphiripo inadulidwa pafupifupi yonse n'kusanduka minda. Tsopano woifuna amapita ku Mulanje kapena kuwoloka malire kukafika ku Namuli ndi Mabu ku Mozambique. Anthu oidziwa sayang'ana m'mwamba. Amafufuza pansi pamene linthumbu likudutsa, chifukwa mbalameyi imatsata mzere wa linthumbu n'kumatola tizilombo tothawa, ndipo amaima chapatali, buluku atalipisira m'masokosi.