Kuona maso a nkhono n'kudekha

Ukaigwira nkhono imabwerera m'chigoba. Tinyanga take, tomwe tili ndi maso kunsonga, timatuluka pokhapokha ukaisiya n'kukhala phee.

Mwambiwu umawakhudza kwambiri anyamata ndi atsikana amene amaseweretsa Arduino, kabolodi kamene kanayambira ku Ivrea, m'dziko la Italy, mu 2005. Ntchito yoyamba pafupifupi kwa aliyense ndi kulemba pulogalamu yoti kagetsi ka LED kazithwanima. Kakakana kuyaka, waphuma amazula mawaya onse, amvekere, "Andigulitsa chakufa!" Wogulitsayo nthawi zambiri amakhala wosalakwa.

Wodekha amayamba wayang'ana miyendo ya LED. Wautaliwo ndi wa ku pozitivi, ndipo ukaitembenuza magetsi sadutsa. Kenako amaona ngati waikapo resistor, mwina ya ma ohm 220, poti popanda iyo kagetsiko kangapse.

Chovuta zedi chimabisala m'pulogalamu. Lamulo la delay, lomwe limauza kabolodi kutalika kwa nthawi yodikira, limawerenga tizigawo 1,000 pa sekondi imodzi. Ukalemba 1 m'malo mwa 1000, kagetsi kamathwanimadi, koma mofulumira moti diso limangoona ngati kayaka osazima. Munthu n'kumasaka vuto m'mawaya mpaka tambala kulira.